Kodi Makina Angakhale Mnzake wa Mwana pa Ndagi?

M'chaka cha 2007 anthu a ku France anapanga Akinator, chithunzi cha munthu wovala nduwira, chokhala m'kompyuta ndi m'foni. Mwana alingalira mumtima munthu wina wotchuka. Tsono Akinator afunsa mafunso, mwana nayankha, kufikira makinawo atchula dzinalo.

Ife aphunzitsi sitinyoza masewerawa. Mwana wochenjera aona kuti funso labwino ndilo logawa anthu pakati, monga lakuti, "Kodi ndi mkazi?" Mafunso 20 otere akhoza kusankha mmodzi mwa anthu oposa 1,000,000. Aphunziranso kuyankha zoona, pakuti akanama masewera afa.

Koma ena ati makinawa aphunzitsanso kukhala ndi anthu, ndipo apa tikayika. Pa ndagi za madzulo wolephera asekedwa, napirira. Wopambana ayang'ana nkhope ya mng'ono wake, naleka kunyada poona misozi. Akinator akalephera sachita manyazi. Angopempha dzinalo kuti alisunge. Ngakhale mwana amtukwane lero, mawa adzampeza alikumwetulira chimodzimodzi, ndipo palibe wakumuuza mwanayo kuti apepese.