Nkhani ya Mtchona Imathera Pati?

Wophunzira aliyense wa za mafilimu amauzidwa msanga kuti nkhani ili ndi mafupa ake. Aristotle adaphunzitsa kuti sewero labwino limakhala ndi chiyambi, pakati ndi mathero. M'chaka cha 1928 Vladimir Propp adasanthula nthano za ku Russia napeza kuti zochitika zake zonse zimagwera m'magulu 31 otsatizana mwadongosolo. Tzvetan Todorov adati nkhani imayamba pali bata, kenaka batalo limasokonezeka, ndipo pomaliza pamabwera bata lina. Joseph Campbell, m'buku lake la 1949 lotchedwa The Hero with a Thousand Faces, adafotokoza za ngwazi yomwe imachoka kwawo, kukumana ndi mayesero, ndi kubwerera itanyamula mphatso. Syd Field, m'chaka cha 1979, adagawa filimu m'zigawo zitatu zomwe olemba ambiri amatsata kufikira lero.

Maganizo onsewa ngothandiza, koma amabisa funso limodzi la chikhalidwe. Munthu amene wasankha pomwe nkhani iyambire ndi pomwe ithere wagamulanso kuti wolakwa ndani, wopambana ndani, ndi woiwalika ndani. Dera la migodi la Bindura, m'chigawo cha Mashonaland Central ku Zimbabwe, ndi malo abwino oyesererapo mfundoyi. Kuderali kuli mgodi wa nickel wa Trojan ndi wa golide wa Freda Rebecca, ndipo mgodi wa Shamva uli chapafupi. M'makomboni a migodi ndi mafamu a kumeneko muli zidzukulu za anthu omwe adachokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique, ena poyenda pansi, ena kudzera kwa Mthandizi.

Poyamba pali nkhani ya bata la Todorov. M'chaka cha 1927 ogwira ntchito pa mgodi wa Shamva, ambiri mwa iwo ochokera ku Nyasaland, adanyanyala ntchito. Nkhaniyi ikafotokozedwa kuchokera mu ofesi ya bwana, bata ndi masiku omwe miyala idali kutuluka pansi, chisokonezo ndi sitalaka, ndipo mathero abwino ndi tsiku lomwe anthu adabwerera kumgodi. Ikafotokozedwa kuchokera m'komboni, bata lidasokonezeka kalekale, tsiku lomwe msonkho wa nyumba udachotsa mwamuna pamudzi, ndipo sitalakayo idali kuyesa kukonza zomwe zidaonongeka. Chimango cha Todorov chimakwana mbali zonse ziwiri, ndipo pachokha sichinena kuti bata ndi la yani. Charles van Onselen, m'buku lake la 1976 lotchedwa Chibaro, adasankha kuyambira nkhani m'komboni, ndipo mbiri ya migodi ya Southern Rhodesia idaoneka mwina.

Atsamunda adaudziwa bwino mphamvu umenewu. Bungwe la Central African Film Unit, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1948 kuti lizikonza mafilimu a anthu akuda a ku Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, lidatengera chizolowezi cha mafilimu a atsamunda choika anthu awiri pambalimbali, wanzeru ndi wopusa. Wanzeru amamvera mlangizi wa boma napeza bwino, wopusa amakakamira zakale nagwa m'mavuto. Mathero adali chigamulo chokonzeratu. Komabe oonera sadali nkhosa. Charles Ambler adaonetsa mu 2001 kuti m'migodi ya Copperbelt mafilimu a akauboyi ankafika atadulidwadulidwa ndi oyang'anira, mwakuti ndondomeko ya nkhani inkasowa, koma anthu ankawakondabe. Ankakuwa, kuyankha ndi kumasulirana okha, ndipo ngwazi iliyonse ankaitcha Jack. James Burns adalemba zofanana ndi zimenezi za ku Southern Rhodesia m'buku la 2002 lotchedwa Flickering Shadows. Munthu wozolowera nthano sadabwa nazo izi, pakuti pamene wofotokoza anena kuti "Padangotero", omvera amayankha kuti "Tili tonse", ndipo kuyambira pamenepo nkhaniyo imasenzedwa ndi onse.

Vuto lalikulu lili pa ulendo wa ngwazi wa Campbell. Poyang'ana mwachangu, ulendo wa ku Halale umaukwana bwino lomwe. Mnyamata amasiya mudzi, amaoloka Zambezi, amapirira mdima ndi fumbi la pansi, kenaka amabwerera ndi njinga, makina osokera ndi mabulangete. Nanga amene sadabwerere? Chichewa chili ndi mawu ake, kutchona, ndipo munthuyo ndi mtchona. Mawuwa amanenedwa ndi munthu amene waima pamudzi akuyang'ana kunjira. M'kamwa mwa ameneyo, mtchona ndi nkhani yopanda chigawo chachitatu, nthano yomwe wofotokoza adagona asadaimalize.

Mbali ya pamudziyi siyenera kupeputsidwa. Mayi amene adakalamba akudikira kalata, ndi ana omwe adakula osadziwa nkhope ya bambo wawo, ali ndi chifukwa chomveka chonenera kuti kubwerera ndi ngongole. Mwambi woti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka, sudabadwe pachabe. Filimu yomwe ingasandutse mtchona aliyense kukhala ngwazi ingachimwire mayiyo monga momwe atsamunda adachimwira wopusa wawo uja.

Koma moyo wa mtchona sudaime pa tsiku lomwe kalata zidasiya kufika. Adakwatira, adabereka, adamanga mipingo ndi mizikiti, adakhazikitsa madambwe. Gule wamkulu, yemwe anansi achishona amamutcha zvigure, amavinidwa m'makomboni a migodi ndi mafamu a Zimbabwe, ndipo ambiri mwa ovinawo sadaionepo nyanja ya Malawi. Guleyu ali ndi kalongosoledwe kake. Zilombo zimatuluka chimodzichimodzi, chilichonse ndi ng'oma yake ndi mwambo wake, popanda ngwazi imodzi yomwe zonse zikuzungulira. Pamaliro, chomwe chimamangiriza zonse ndi kuperekeza mzimu ndi kutsala kwa mudzi. M'kalongosoledwe kotere, munthu woikidwa m'manda ku Bindura, ng'oma za kwawo zikulira, ndiye kuti wafika.

Nkhani za mathero zili ndi zotsatira zenizeni. Lamulo la unzika la Zimbabwe litasinthidwa mu 2001, anthu obadwira m'dzikomo kwa makolo ochokera kunja adayenera kukana unzika wa maiko omwe ambiri a iwo sadapondemo. Ochuluka adatsala opanda dziko, zitupa zawo zikuwatcha alendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adazindikira obadwira ku Zimbabwe kwa makolo a m'maiko a SADC, koma mu 2021 bungwe la Amnesty International lidapezabe ambiri akuvutika kupeza zitupa. Pansi pa lamulo la 2001 padali nkhani ya Campbell yomweyo: munthu woyenda ngwapaulendo mpaka atabwerera, ndipo mdzukulu wake ngwapaulendonso.

Choncho wolemba filimu kapena mtolankhani amene apita ku Bindura atanyamula zigawo zitatu za Field ali ndi udindo wodzifunsa kuti chimangocho chikusiya yani kunja. Propp adatola magulu ake 31 m'nthano zenizeni za anthu a kwawo, atayamba waziwerenga. Ntchito yofanana ndi imeneyo ikudikira ophunzira a Chichewa: kujambula momwe agogo a m'makomboni amafotokozera moyo wawo, kuona pomwe iwo amayambira, pomwe amapumira ndi pomwe amati yatha. Mwina kudzapezeka kuti ambiri amathera pa kubadwa kwa mwana kapena pa kugula malo, ndipo pamenepo mawu oti mtchona adzafunika tanthauzo lachiwiri m'mtanthauziramawu.