Maso Obwereka

Anthu awiri akamacheza, si pakamwa pokha pamene pamagwira ntchito. Kugwedeza mutu, kukweza nsidze, kutsegula milomo pang'ono, zonsezi zimauza wolankhula kuti apitirize kapena apereke mpata. M'chaka cha 2009, Tanya Stivers ndi anzake adafufuza zilankhulo 10 ndipo adapeza kuti pakati pa funso ndi yankho pamadutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, komanso kuti m'zilankhulo zambiri yankho limafulumira wofunsa akamayang'ana mnzakeyo.

Pocheza pa foni ya vidiyo, maso sakumana. Kamera ili pamwamba, nkhope ya mnzathu ili m'munsi. Tikamayang'ana nkhopeyo, iye amationa ngati tazolika. Pofuna kukonza zimenezi, kampani ya Apple idaika mu FaceTime, m'chaka cha 2020, njira yosintha chithunzi cha maso kuti azioneka ngati alunjika kwa womvera. NVIDIA idatulutsa njira yake mu 2023, yomwe imasunga maso pa kamera ngakhale mwiniwake akuwerenga zina pambali.

Kodi maso oterewa amanena zoona? Ena angati makinawo akungobweza chimene makina omwewo adalanda. Mfundoyi ndi yomveka ngati munthuyo akumvetseradi. Koma kuyang'ana kumakhulupirika chifukwa kuli ndi mtengo wake: woyang'ana mnzake wasiya zina zonse. Chizindikiro chikapezeka popanda mtengowo, chimasanduka mboni yonama. Wodwala amene akufotokozera dokotala ululu wake, kapena wamasiye amene akupepesedwa ndi mbale wa kutali, amakhuthula za kumtima poganiza kuti akumvedwa. Akadadziwa kuti masowo ndi obwereka, akadasunga mawu ake.

Palinso funso lina: ndani adagamula kuti kucheza kwenikweni ndi kuyang'anana m'maso? Pakati pa Achewa, mwana amazolika pamaso pa wamkulu, mkamwini sapenyetsetsa apongozi ake. Kuzolikako ndi mawu aulemu. Makina okweza maso a aliyense amafufuta ulemuwo, nkuika mwano pamene padalibe.

Tsono luso labwino ndi lonyamula zizindikiro zathu mokhulupirika: chithunzi chisachedwe, manja ndi mapewa zioneke, chete wa munthu afike monga alili. Lisatipangire zizindikiro zimene sitidapereke. Mnzathu ali ndi ufulu woona kuti maganizo athu achoka, kuti asankhe yekha kudikira, kufunsa, kapena kuleka kulankhula.