Kodi Mtengo wa Mbalame Umachokera Kuti?

Akatswiri a zamoyo amaika mbalame pa mindandanda iwiri yosiyana, ndipo kusiyanako kumadzutsa funso lokhudza udindo wa munthu pa chilengedwe. Woyamba, umene maziko ake anaikidwa ndi Carl Linnaeus mu 1758, umagawa zamoyo potsata ubale wake, pamene wachiwiri, umene bungwe la IUCN linayambitsa mu 1964, umazisanja potsata kuyandikira kwake ku chiwonongeko.

Pa mndandanda woyamba, Mellisuga helenae, kambalame ka ku Cuba kolemera pafupifupi magalamu awiri komanso kochepetsetsa pa mbalame zonse, kali m'banja la Trochilidae, lomwe ndi la mbalame zotsopa timadzi ta m'maluwa zopezeka ku America kokha. Emberiza aureola, mbalame ya chifuwa chachikasu imene imaswana kumpoto kwa Asia, ili m'gulu la Passeri, kutanthauza mbalame zoyimba, zomwe minofu ya chiwalo chake chotulutsira mawu inakhwima mwapadera, ndipo mpheta nazo zili momwemo.

Munthu angaganize kuti kambalame kopezeka m'dziko limodzi ndiko kali pangozi yaikulu, koma mndandanda wachiwiri ukusonyeza zina. Kambalame ka ku Cuba kali m'gawo la zoyandikira chiopsezo chifukwa cha kutha kwa nkhalango, pamene mbalame yoyimbayo, imene isanafike 2004 inkawerengedwa pa zosadetsa nkhawa, inaikidwa mu 2017 m'gawo la zotsala pang'ono kutheratu, itachepa ndi pafupifupi 90 peresenti kuyambira mu 1980 chifukwa chogwidwa mu maukonde ndi kudyedwa, makamaka ku China.

Pamenepa zikuoneka kuti kuchuluka kwa mbalame yoyimbayo ndiko kunachititsa kuti anthu asaisamale, popeza chinthu chopezekapezeka chimayesedwa chosatha ndiponso chopanda mtengo. Uthenga Wabwino wa Mateyu, chaputala 10, umatsutsa kaganizidwe kameneka potchula mpheta zogulitsidwa motchipa kukhala zolengedwa zimene Mulungu amazidziwa, kusonyeza kuti mtengo wa cholengedwa sudikira kuti chisowe.

Motero mndandanda wa ubale umafotokoza mbalame, pamene wa chiopsezo umafotokoza kwambiri khalidwe la anthu, chifukwa chimene chimasuntha mbalame kuchoka m'gawo lina kupita m'gawo lina kawirikawiri ndi nkhwangwa, ukonde ndi msika. Ngati chisamaliro chiyamba pokhapokha mtundu wa mbalame ukatsala pang'ono kutha, ndiye kuti munthu akulemekeza kusowa kwa cholengedwa kuposa moyo wake.