Vulani Nsapato, Muone Mapazi Anu

Usiku uno musanagone, yatsani tochi ya pafoni, muyang'ane kunsi kwa mapazi ndi pakati pa zala. Msana ukakana kuwerama, itanani mdzukulu akuonereni. Ndikunena inu, bambo, ndi inu, mayi, amene mwatha zaka khumi ndi matenda a shuga koma mukuti, "Ine ndili gwa."

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere! Shuga akakhala wokwera kwa nthawi yaitali amadya mwakachetechete. Amawononga timitsempha ta magazi ta m'maso mpaka munthu kuyamba kuona chifunga masanasana. Amatopetsa impso, amaitana sitiroko. Kumapazi amayamba ndi dzanzi, kenaka phazi limaleka kumva ululu. Malume anga anabwerako kudimba kumtsinje wa Lisungwi ndi kamwala m'jombo, tsiku lonse osakamva. Tinadzazindikira chilonda chitayamba fungo, ndipo chala chachikulu chinapita choncho. Kamwala chabe, abale!

Komatu ife a ku Neno tisalire ngati osowa kolowera. Abwenzi Pa Za Umoyo akhala akugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'boma lino kuyambira 2007. Mu 2015 kunayamba kiliniki yophatikiza matenda okhalitsa, kumene wa shuga, wa bipi, wa mphumu ndi wa ma ARV amadikira pabenchi imodzi. Ndiye manyazi a chiyani? Mu 2018 kiliniki ya PEN-Plus, yosamalira amene matenda awafika povuta, inatsegulidwa pachipatala cha Lisungwi pompano ndi cha ku Neno boma.

Tsiku lanu la kiliniki likakwana, nyamukani, ngakhale thupi likunama kuti zonse zili bwino. Mankhwala a metformin imwani monga anakuuzirani, osati pokhapokha mwamva kufooka. Adokotala akatchula jakisoni wa insulin musagwe mphwayi ngati akuwerengerani chigamulo. Akuteteza maso anu ndi impso zanu. Makina osefa magazi impso zikalephera ali kutali, kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo amafuna munthu kangapo sabata iliyonse.

Nsima musaiope. Mtanda uchepe, ukhale wa mgaiwa, nkhwani ndi therere zidzaze mbale. Thobwa lothira shuga ndi Fanta wa paukwati mungozipatsa moni, n'kudutsa. Pabwalo musayende osavala nsapato, ndipo nsapato muziyamba mwaigwedeza musanalowetse phazi.

Tochi ija ikakuonetsani kachilonda, kathuza kapena chala chimene chayamba kuda, musathire phulusa, musadikirenso tsiku la kiliniki. Kukangocha, tengani buku lanu la kuchipatala, muimitse kabaza.