Chuma cha masiye: kodi kudikira ndi kukwirira talente?



Ena mwa inu mwaika atate kapena amayi chaka chino, ndipo pambuyo pa maliro kwabwera ndalama: za NAPSA, za ku nchito, kapena za nyumba imene inagulitsidwa. Simunagwirepo ndalama zotere. Foni nayo yayamba kulira. Amalume afuna minibasi, mnzanu ali ndi "dili" yobweza kawiri pa mwezi umodzi, ndipo wina wakukumbutsani kale fanizo la matalente pa Mateyu 25, kuti ndalama yongokhala ndi tchimo.

Musanafunse kumene mungaziike, funsani kaye kuti ndi za yani. Kuno ku Zambia, munthu akamwalira osasiya wilo, lamulo la 1989 la Intestate Succession Act limagawa chuma motere: 50 peresenti kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, 10 kwa ena amene womwalirayo anali kuwasunga. Ngati banja linakusankhani kukhala administireta, ndinu wosunga chabe. Gawo la mwana wa giredi 5 simungaliyese pa bizinesi yanu, olo mutaona kuti ipindula bwanji. Mwanayo sanavomere, ndipo ikagwa adzasiya sukulu ndi iye.

Manje tibwere pa gawo lanu lenileni. Werengani fanizo lija modekha. Mbuye sanakalipire kapolo chifukwa chosapeza phindu lalikulu. Anamuuza kuti akanangopereka ndalamazo kwa osunga ndalama, zikanabwera ndi chiwongoladzanja. Ndiye kuti njira yofatsa, yopanda phokoso, inali yololedwa. Kuika ndalama pa fixed deposit kwa miyezi 3 kapena 6 pamene mtima ukali kulira si kukumba dzenje. Munthu wa chisoni amavomera msanga, nthawi zina kuti anthu angomusiya.

Koma dzenje liliko ndithu. Mu 2021 mitengo ya zinthu inakwera kupitirira 20 peresenti pa chaka. Amene anasunga kwacha pansi pa matiresi, kapena mu akaunti yosabala kanthu, anapeza nambala ili yomweyo koma matumba a unga amene ingagule achepa. Choncho kudikira kukhale ndi tsiku lothera.

Kwa woyamba kumene, ine ndingati yambani ndi nkhongole ya kaloba ngati muli nayo, chifukwa palibe bizinesi yoyera imene ingathamange kuposa chiwongoladzanja chake. Patulani za miyezi ingapo ya lendi ndi chakudya. Zotsalazo, funsani ku banki yanu za ma treasury bill a boma, amene Bank of Zambia imagulitsa a masiku 91, 182, 273 ndi 364, komanso ma bond a zaka 2 mpaka 15. Mukukongoza boma, ndipo mumadziwiratu tsiku lobweza. Masheya a pa Lusaka Securities Exchange amakwera ndi kutsika, asiyeni kaye mpaka muwamvetse. Puloti ndi yabwino, koma pitani nokha ku Ministry of Lands mukaone ngati dzina la pa taitolo ndi la amene akugulitsayo. Aliyense wofuna kukusungirani ndalama, mufunseni laisensi ya Bank of Zambia kapena ya Securities and Exchange Commission. Akayankha ndi vesi m'malo mwa pepala, gwirani chikwama chanu, ngakhale mumakhala naye benchi imodzi pa Sondo.

Nanga chopereka? Apa ndilankhule mosamala. Kuthokoza Mulungu ndi gawo lanu n'kwabwino, ndipo ambiri amatero ndi chimwemwe. Koma perekani pa zanu, osati pa za ana amasiye, ndipo musatenge mbewu ngati sheya imene idzabweze kakhumi pofika Disembala. Pa Luka 12, munthu atapempha Yesu kuti auze mbale wake agawane naye chuma cha masiye, Ambuye anakana kukhala wogawa, m'malo mwake anachenjeza onse za dyera. Dyera limatha kuvala suti ya bizinesi, limathanso kugwada pa guwa.

Achibale opempha thandizo musawathawe. Sankhani nokha ndalama imene mungathandize nayo, ilembeni, ndipo ikatha nenani kuti yatha. Amene muli pa banja, khalani pansi awiri musanasaine pepala lililonse, ndipo pepala limene simunalimvetse mupite nalo kunyumba likagone.