Kodi wolawa ndiwo angadandaule za mcele?

Foni iliyonse na kompyuta iliyonse ili na pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse, monga Android, iOS kapena Windows. Kampani isanatulutse mtundu watsopano kwa anthu onse, imayamba yaupeleka kwa odzipeleka kuti aulawe ukali pamoto. Mtundu wosapsa umenewu amaucha beta. Microsoft inayambitsa Windows Insider mu 2014, Apple inatsegulila anthu wamba beta ya iOS mu 2015, ndipo Google inatsatila mu 2016. Musaganize kuti ni nkhani ya ku America cabe. Mu 2019, Tecno Spark 3 Pro inali pa mndandanda wa mafoni oyesa Android Q.

Amene anaikapo beta adziwa zotsatila zake. Batile imatha dzuwa lisanafike pamutu, foni imatentha m'thumba, app ya banki imakana kutseguka, ndipo nthawi zina foni imazima yokha uli pakati pa kukamba. Munthu akadandaula, anzake amamuyankha mwacidule kuti walila mvula walila matope. Unacenjezedwa, unavomela wekha, ndiye khala cete. Ana amene nimaphunzitsa amalikonda yankho limeneli cifukwa limatseka mkangano mwamsanga. Ine niona kuti ni loona theka cabe.

Tiyambe na theka loona. Makampani sabisa kuti beta ili na zolakwika. Google imacenjezelatu kuti ukafuna kucoka pa beta pakati pa ulendo n'kubwelela ku Android yakale, zonse za m'foni zidzafafanizika. Conco amene amadabwa kuti cinthu cosapsa cili na pakuwisi, akudabwa na zimene anauzidwa. Koma pali funso lina limene ife a m'komboni tifunika kudzifunsa: kodi foni imeneyo ni yako wekha? M'nyumba zambili foni imodzi ndiyo imalandila ndalama za mobile money, ndiyo imene ambuya amaimbilapo kucokela kumudzi, ndiyonso imene mng'ono wako amawelengelapo manotsi a mayeso. Iwe unavomela ngozi, koma iwo sanafunsidwe. Munthu angavomeleze zoika moyo wake pa ciswe, koma sangavomelezele mnzake. Apa mlandu ni wa woika beta, osati wa kampani.

Theka linalo lionekela bwino pa zimene zinacitika mu 2018. Pa 2 October, Microsoft inatulutsa update yaikulu ya Windows 10, yochedwa 1809. Patangopita masiku ocepa inaiimitsa, cifukwa anthu ena anapeza kuti zikalata na zithunzi zao zasowa. Vuto linagwela maka-maka amene anasamutsila mafoda monga Documents pamalo ena, koma mafaelo ena n'kutsala pamalo akale. Update ija inasesa malo akalewo monga mulibe kanthu. Kampaniyo inati vutoli linakhudza makompyuta ocepa, pafupifupi imodzi pa 10,000 alionse amene analandila update, ndipo inaitulutsanso pa 13 November itaikonza.

Cimene cimanivutitsa si cakuti panali colakwika. Oyesa a Windows Insider anali atakamba kale za kusowa kwa mafaelo miyezi ingapo m'mbuyomo. Malipoti ao sanapeze mavoti ambili, ndipo anakwililika pansi pa madandaulo ena. Wolawa anati mcele wawawa, wophika sanamve, ndiwo zinafika pa mbale za alendo.

Apa m'pamene mwambi wa matope umathela mphamvu. Pangano la beta lili na mbali ziwili. Woyesa salipidwa, amagula yekha mabando, amataya nthawi yake, amapilila foni yozima-zima. Cimene amayembekezela ni cimodzi: kuti akakamba, amvedwe. Cenjezo limateteza kampani pa zolakwika zimene sinali kuzidziwa, koma silingaisambitse m'manja pa zimene inauzidwa.

Wina angati oyesa ni mamiliyoni, ndani angawelenge zonse zimene amalemba? Funso limeneli ni lomveka. Koma woitana anthu ambili kuti alawe, ayenela kukonzekelatu makutu okwanila. Microsoft nayonso inaona zimenezi, cifukwa pambuyo pa vuto lija inaonjezela njila yakuti woyesa azionetsa kukula kwa vuto limene wapeza. Kusowa kwa zithunzi za ukwati wa munthu mmodzi sikungapimidwe pa sikelo imodzi na anthu 1,000 osakonda mtundu wa batani.

Nalonso dandaulo lili na mwambo wake. M'kalasi, mwana wongokamba kuti masamu ni ovuta nimasowa pomuyambila. Woloza mzele umene wasocelela nimamuthandiza, ndipo kudzela mwa iye nimathandiza kalasi yonse. Ni cimodzimodzi na beta. Kutukwana pa Facebook kumapepuza mtima, koma sikukonza kanthu. Kulemba mtundu wa foni, cimene unadina, na cimene cinacitika, ndiyo nchito imene unavomela pamene unalowa.

Conco yankho langa ni lakuti inde, wolawa angadandaule, ndipo afunikadi kutelo, cifukwa wolawa wacete alibe phindu kwa wophika. Musanaike beta, fufuzani amene amadalila foni imeneyo, ndipo sungani zinthu zanu pamalo ena. Ikavuta, musapse mtima, lembani lipoti lomveka. Mkwiyo wanu usungileni tsiku limene vuto limene munakamba momveka lidzafike kwa anthu amene sanavomele kuyesa ciliconse.