Kodi Woumba Ng'ombe Yadongo Wachimwa?

Ku Zemba, monganso m'midzi ina ya m'boma la Chadiza, palibe amene amachita kutuma mwana kuti aumbe ng'ombe. Mvula ikagwa, dongo la kudambo n'kufewa, anyamata a kubusa amakhala pansi n'kuumba nkhunzi za malinunda ndi tiana take, kenaka n'kuziyanika padzuwa. Kusukulu, masamba akumapeto a makope amadzaza ndi atambala, akalulu ndi njovu za pensulo, ndipo masiku ano wachinyamata amene wapeza utoto ndi burashi amatola ntchito yake pafoni n'kuitumiza kwa anzake pa WhatsApp kapena pa Facebook kuti aione. Ambiri amati ndi masewera, koma alipo makolo ndi akulu ampingo amene mtima suwakhala m'malo. Iwo amakumbukira kuti malamulo khumi a pa Eksodo 20 amaletsa kupanga mafano, amadziwanso kuti kudera kuno chifanizo cha nyama chopangidwa ndi manja chimakumbutsa anthu za gule wamkulu. Funso lawo n'loyenera kulilemekeza: kodi munthu wopanga chofanana ndi cholengedwa chamoyo sakuponda pamalo a Namalenga? Yankho langa ndi lakuti ayi. Kuumba, kusema ndi kujambula nyama ndi njira imene munthu amaphunzirira kuyang'anitsitsa zimene Mulungu analenga, ndipo tchimo limayambira pamene munthuyo wagwadira chimene manja ake apanga.

Umboni woyamba uli pamiyala ya kwathu konkuno. M'boma la Chadiza muli phanga la Kalemba, limene katswiri wofukula zakale David Phillipson anakumba mu 1971 n'kupeza kuti anthu anayamba kukhalamo zaka zoposa 30,000 zapitazo, ndipo pamakoma ake pali zithunzi zimene mibadwo ya pambuyo pake inajambula. Zithunzi zotere zilinso ku Thandwe m'dera la Chipata, ku Mkoma m'dera la Katete, komanso ku Chongoni m'boma la Dedza ku Malawi, kumene malo 127 analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Zofiira, zomwe ndi zakale kwambiri, zinajambulidwa ndi Akafula, alenje amene Achewa anawapeza m'dziko lino. Zoyera zinajambulidwa ndi alimi, makolo a Achewa, ndipo zambiri mwa izo zili ndi maonekedwe a nyama. Ofufuza amene anayerekeza zithunzizi ndi miyambo ya m'midzi anapeza kuti zina zikukhudza nyau, pamene zina zikukhudza chinamwali cha atsikana, kumene anamkungwi ankagwiritsa ntchito zifanizo, zojambula ndi zoumba zomwe, kuti malangizo akhazikike m'mutu mwa namwali. Apa tikuona kusiyanitsa kumene makolo athu ankakudziwa bwino. Kukachita chilala, Achewa ankapita kukachisi, monga wa ku Msinja kwa Makewana, kukadandaulira Chauta. Chinyama choyera cha pamwala ntchito yake inali ina, yophunzitsa ndi kukumbutsa. Anthu amene analibe zilembo ankasunga nzeru zawo m'zifanizo, choncho mwana wojambula wa lero sakubweretsa chinthu chachilendo. Akupitiriza ntchito imene inalipo kuno sukulu ndi tchalitchi zisanafike.

Koma wokhulupirira anena kuti zimene makolo ankachita si muyeso wa chilungamo, ndipo akunena zoona. Tiyeni tsono tipite ku Baibulo lomwelo, titsate nyama yomwe ana a ku Chadiza amaikonda. Pa Eksodo 32 Aroni anasungunula ndolo za anthu n'kupanga mwana wang'ombe wagolide, anthu anamuperekera nsembe, ndipo Mulungu anakwiya kwambiri. Pa 1 Mafumu 7, m'kachisi amene Solomo anamanga, thanki yaikulu yamadzi inakhazikidwa pamsana pa ng'ombe 12 zamkuwa, ndipo palibe chilango chimene chinagwa. Nyama ndi yomweyo, luso ndi lomwelo, chosiyana ndi chimene anthu anachita pamaso pake. Pa Eksodo 25 Mose analamulidwa kupanga akerubi awiri agolide pamwamba pa likasa, ndipo pa Eksodo 31 mmisiri Bezaleli akutchulidwa kuti anadzazidwa ndi Mzimu wa Mulungu kuti agwire ntchito ya zitsulo, miyala ndi mitengo. Nkhani imene imamasula mfundoyi bwino koposa ndi ya njoka yamkuwa. Pa Numeri 21 Mose anaipanga molamulidwa ndi Mulungu, ndipo olumidwa ankachira akaiyang'ana. Patapita mibadwo yambiri, pa 2 Mafumu 18, mfumu Hezekiya anaiphwanya chifukwa anthu anali atayamba kuifukizira lubani, ndipo akuyamikiridwa pochita zimenezi. Mkuwa sunasinthe, inasintha ndi mitima ya anthu. Ngakhale mipingo imene imakana zithunzi m'nyumba zopemphereramo imavomereza zimenezi. Katekisimu wa Heidelberg wa mu 1563, amene ndi chimodzi mwa ziphunzitso za mpingo wa Reformed umene unayambira ntchito yake m'Zambia ku Magwero mu 1899, amaletsa kujambula Mulungu, koma amalola kujambula zolengedwa malinga ngati sizikulambiridwa kapena kusandutsidwa njira yopembedzera. Woletsa mwana kuumba ng'ombe akuika mtolo umene Malemba sanaike.

Pali chitsutso china chozama kuposa ichi. Chimati vuto si kugwada kokha, komanso kudzikuza, chifukwa kupereka maonekedwe kwa chamoyo ndi ntchito ya Mlengi yekha, ndipo munthu woumba nyama ndi dongo akutsanzira zimene Mulungu anachita poumba Adamu ndi dothi. Aphunzitsi ambiri achisilamu amachenjeza za kujambula zamoyo pachifukwa chimenechi, n'chifukwa chake luso la m'mizikiti linakula kwambiri pa zilembo zokongola ndi mizere yolukanalukana. Mantha amenewa amachokera mu ulemu weniweni kwa Mulungu, ndipo sayenera kusekedwa. Komabe tikayang'ana chimene chimachitika mwa munthu amene akuphunzira kujambula, tipeza kuti ntchitoyi imathyola kudzikuza m'malo mokudyetsa. Aliyense amaganiza kuti mbuzi amaidziwa, mpaka tsiku limene ayesa kuijambula. Pamenepo ndi pomwe amazindikira kuti sanaonepo mmene mwendo wakumbuyo umapindikira, kuti kamwana ka diso la mbuzi n'kopingasa, kuti ng'ombe podzuka imayamba kukweza kumbuyo, kuti zala za bilimankhwe zinamangidwa m'magulu, ziwiri mbali ina ndi zitatu mbali inayo. Amabwerera kukhola kukayang'ananso, ndipo ulendo uno amayang'ana ngati wophunzira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kotereku ndi kumene wojambula amaphunzira. Akamaliza, ng'ombe yake yadongo siipuma, siilira, siibereka, ndipo palibe amene amadziwa zimenezi kuposa iye mwini. Mmisiri ndiye amamva bwino kutalika kwa mtunda umene uli pakati pa dzanja lake ndi dzanja la Mlengi. Tikumbukire kuti Mulungu poyankha Yobu, kuyambira mutu 38 mpaka 41, sanamufotokozere chifukwa cha masautso ake. Anamuonetsa mkango, khwangwala, nthiwatiwa, kavalo ndi chiwombankhanga, ndipo kuyang'ana zolengedwazo ndi kumene kunamubweretsa pa kudzichepetsa. Choncho chithunzi chokhota cha woyamba kumene, cha njovu ya miyendo yosalingana, chili ndi mtengo wake, pakuti ndi umboni wakuti munthu anaima n'kuyang'ana cholengedwa china osafuna kuchidya, kuchigulitsa kapena kuchithamangitsa.

Nanga za gule wamkulu? Pano mpofunika kulankhula mosamala, chifukwa za kudambwe zili ndi eni ake, ndipo ife tinena zokhazo zimene aliyense amaona pabwalo. Pamaliro ndi pa mwambo wa Kulamba, umene umachitika ku Mkaika m'boma la Katete Loweruka lomaliza la Ogasiti, pamene mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi, pamatuluka zilombo monga kasiyamaliro, chimkoko, njovu ndi mkango. UNESCO inalengeza gule ameneyu mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse a padziko lapansi. Wotsutsa anena kuti apa ndi pomwe tikuona chifanizo cha nyama chikusanduka chinthu chauzimu, ndiye njira yochokera pa dongo la mwana kukafika pamenepo ndi yaifupi. Sitingabise kuti pakati pa mipingo yambiri ndi nyau pali kusiyana kwenikweni, kumene kunayamba m'nthawi ya amishoni ndipo sikunathe. Koma gwero la kusiyanako ndi funso la mizimu ya akufa, ngati imabwera pakati pa amoyo ndi mmene iyenera kulemekezedwera. Limenelo ndi funso lalikulu, ndipo aliyense aliyankhe molingana ndi chikhulupiriro chake. Luso lopatsa chinthu maonekedwe a nyama si mbali ya mkanganowo, ndipo kulitaya chifukwa cha mkanganowo n'chimodzimodzi kuleka kuyimba chifukwa ena amayimba pamalo amene ife sitipitako. Komanso nkhani ya Achewa ya chilengedwe imatithandiza kumva chifukwa chake nyama zili pamtima pa mwambowu. Imati ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere, kufikira munthu atapeka moto n'kutentha tchire. Nyama zinathawa zili ndi mantha ndi mkwiyo, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Wansembe wofufuza za miyambo Matthew Schoffeleers anaona kuti gule amabwezera kwa kanthawi chiyanjano chimene chinasweka pamenepo. Munthu sayenera kukhala wa nyau kuti amve kulemera kwa ganizo limeneli, lakuti tinalakwira zolengedwa zinzathu ndipo tili ndi ngongole kwa izo. Ku Mua m'boma la Dedza, bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso a KuNgoni mu 1976, ndipo amisiri a kumeneko akhala akusema nkhani za m'Baibulo ndi nkhope za Achewa, Angoni ndi Ayao, n'kusunganso nkhope za gule mazanamazana m'nyumba ya Chamare kuti anthu aphunzire. Si Akhristu onse amene amagwirizana ndi njira ya ku Mua, koma yaonetsa kuti dzanja losema likhoza kutumikira chikhulupiriro.

Chitsutso chomaliza chikukhudza kuonetsana ntchito. Ena amati wachinyamata amene amatumiza chithunzi chake pafoni akungofuna kutamandidwa, ndipo kudera la alimi, kumene chakudya cha chaka chonse chimadalira khasu, nthawi yotere ndi yotayika. Mbali yoyamba ya chenjezoli ndi yoona, ndipo ndi pomwe pali ngozi yeniyeni ya fano m'masiku athu. Munthu amene mtendere wake umadalira chiwerengero cha anthu omuyamikira, amene amasiya kujambula chimene waona n'kumajambula chimene chingamutchukitse, wapeza chinthu chochigwadira, ngakhale alibe chosema chilichonse m'nyumba mwake. Koma mankhwala ake si kubisa ntchito. Luso silikula mumdima. Woumba mbiya amaphunzira pokhala pafupi ndi agogo amene amamuuza kuti khosi lapyapyala, woluka mphasa amaphunzira poona mnzake, ndipo wojambula amene waonetsa chithunzi chosapsa n'kulola kuti achidzudzule wachita chinthu chofuna kudzichepetsa kwambiri kuposa amene wachibisa poopa kusekedwa. Pa za nthawi yotayika, Henry Tayali, amene anabadwa mu 1943 n'kumwalira mu 1987, luso lake linaonekera akadali mwana wasukulu, ndipo lero nyumba yoonetsera zaluso ku Lusaka ikudziwika ndi dzina lake. Si mwana aliyense amene adzafike pamenepo, ndipo phindu la ntchitoyi silidalira zimenezo. Ana ambiri a ku Chadiza akukula osaona njovu kapena mkango ndi maso awo, pokhapokha atapita ku South Luangwa, ndipo tchire limene linkasunga agwape ndi nkhanga likunka likutha ndi makala ndi minda. Anthu sateteza chimene sanachiyang'anepo mwachikondi. Mbadwo wodziwa kujambula nkhanga ndi madontho ake udzamva kuwawa nkhanga zikadzasowa.

Choncho kholo, mphunzitsi kapena mkulu wampingo amene wapeza mwana ali ndi dongo m'manja ali ndi udindo, koma udindowo si wolanda dongolo. Ndi woyang'anira mtima, monga anachitira Hezekiya, amene anadziwa kusiyanitsa nthawi imene chinthu chikuthandiza anthu ndi nthawi imene chayamba kuwalamulira. Amufunse mwanayo chimene waona pa nyamayo, amutume kuti akayang'anenso, amuuze moona mtima pamene palakwika, ndipo amuphunzitse kuti woyenera kutamandidwa koposa ndi amene anapanga ng'ombe yamoyo. Sukulu za ku Chadiza zikhoza kupita ndi ana ku Kalemba kuti akaone ntchito ya amene anawatsogolera, ndipo mipingo ikhoza kupatsa achinyamata ake ojambula malo, kaya ndi m'makalasi a Sande sukulu kaya ndi m'mabuku a ana a m'chinenero chathu, amene akusowa kwambiri zithunzi za nyama ndi midzi ya kwathu. Tikawaletsa, mafano sadzachepa, chifukwa mafano amabadwira mumtima. Chimene chidzachepe ndi anthu odziwa kuyang'ana chilengedwe n'kuthokoza Mwini wake.